Milu Khumi ndi Dzino Limodzi

Dzino langa lakutsogolo linatsala pa msewu wa M5, pakati pa Chintheche ndi Kande, sabata yoyamba ya ntchito yanga yatsopano. Mbuzi inadutsa, wa kabaza anapinda, ine ndinapitirira ndekha. Mbuziyo sinavulale. Wa kabaza anapukuta galasi la njinga yake yamoto, nkundikumbutsa kuti theka la ulendo tinali titayenda kale, choncho ndimuganizire.

Ntchitoyo inali yolandira alendo pa loji ina ya ku Kande. Ndisanaipeze ndinatha zaka zingapo ndikutumiza nkhani ku nyuzipepala ina ya mumzinda. Nkhani ikatuluka ankandilipira, ikapanda kutuluka ndinkadya ulemu. Munthu wolipidwa choncho mwezi saudziwa. Ndalama imabwera Lachiwiri, pofika Lachinayi yatha, ndipo palibe amene wakuona nayo. Tsopano ndinali ndi salale ya tsiku lodziwika. Tsikulo linadziwikadi, kuyambira kwathu mpaka ku Limphasa.

Bwana wa pa lojipo anali mayi wosakonda kuzungulira. Anandiyang'ana ndikupatsa moni alendo awiri, dzanja lili pakamwa, ndipo atachoka anandiitana.

“Panopa ndi dzinja, alendo ndi ochepa, palibe vuto,” anatero. “Koma mwera ukayamba mu Juni pano pamadzaza. Pa desiki ndikufuna munthu womwetulira, osati wophimba pakamwa ngati waba nyama mumphika. Likakhala kuti silinabwerere, mudzapita ku sitolo kukawerenga mabulangete.”

Ku sitolo malipiro anali otsika, ndipo sindinamvepo za mlendo wopita kuseri kukasiyira kangachepe munthu wowerenga mabulangete. Ndinaimbira dokotala wa mano ku Mzuzu. Dzino loikirira, kuphatikiza maulendo awiri a minibasi, wina wokayeza wina wokaliika, zonse pamodzi zinkakwana salale yanga ya mwezi wathunthu.

Za bajeti sindinali mlendo. Ndinakhalapo pa misonkhano yambiri ndikulemba mmene akuluakulu ovala mataye amagawira ndalama zimene alibe. Yanga yokha ndi imene ndinali ndisanapangepo. Ndinatembenuza kalendala ya chaka chatha, kuseri kwake nkugawa salale m'magawo khumi. Awiri a ulendo wa ku ntchito. Atatu a pakhomo: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira, ndi mpunga wa Lamulungu. Ufa sindinauwerengere chifukwa chinangwa chinali m'munda mwa ama, mayi anga. Limodzi la ku tchalitchi. Limodzi la foni ndi botolo la Loweruka. Limodzi la zadzidzidzi. Awiri otsala, a dzino. Awiri mwezi uliwonse kuyambira Januwale mpaka Meyi amakwana khumi, ndiye kuti mu Juni ndikaseka. Pa pepala zinakwana ndendende, monga zimakwanira za akuluakulu aja.

Chimene sindinalembe ndi chingwe.

Kwathu khoka likamakokedwa, aliyense wodutsa pagombe akhoza kugwira chingwe nkukokako. Kaya wakoka kuyambira pachiyambi, kaya wangofika ukonde uli kale m'maondo, nsomba zikatuluka sabwerera chimanjamanja. Palibe anachilemba paliponse, koma ngakhale wa chipewa cha boma sangachisinthe. Ine ndinakulira momwemo, ndinadyapo nsomba zambiri za chingwe chimene ndinangochisisita. Kungoti sindinkadziwa kuti salale nayo ndi khoka.

Oyamba kufika kumapeto kwa Januwale anali asibweni, achimwene awo a ama. Anagwira ntchito zaka zambiri ku Joni, nkubwerako ndi sutikesi, chipewa, ndi ndalama zimene anagulira khoka lawolawo. Khokalo anagulitsa maondo atayamba kukana, koma mawu a mwini khoka sanagulitse. Ndi iwo amene anandibwereka jekete yokafunsira ntchito: yabulauni, yaubweya, yolemera ngati thumba la simenti, imene ndinavala mu Disembala dzuwa likuswa mtengo. Pakhomo timayankhula Chitonga, ndiye zimene ndikulembazi ndachita kutembenuza, ndipo mchere wina watsalira komweko.

“A Nyuzi,” anatero, dzina limene anandipatsa chifukwa cha nyuzipepala ija, akukhala pa mpando wa ada, bambo anga, amene anatisiya kalekale. “Tamva kuti kwagwa kanthu.”

“Kangachepe, asibweni.”

“Jekete ija inakukhala bwino. Mzungu wa ku Joni ataiona anandipatsa njira. Bwana wakoyo akanalemba malaya ako ong'ambika m'khwapa aja?”

“Anayang'ananso mapepala anga, asibweni.”

“Mapepala aliyense ali nawo. Tseka windolo, ukundilavulira.”

Windo linali dzina limene anapatsa mpata wa dzino langa. Ndinawapatsa ndalama. Asanafike ndi pa msewu pomwe, anatulukira ankhazi, alongo awo a ada, amene ankati anasala kudya ndi kupemphera kuti ntchitoyo ipezeke. Za kusala sindinathe kutsimikiza, chifukwa sabata imeneyo ndinawaona pa msika ndi chikwatu cha tchipisi, koma pemphero sulifunsa umboni. Madzulo kunabwera msuweni wanga, mwana wawo wa ankhaziwo, amene anandiuza kuti ku Kande kuli malo. Iyeyo anangomva kwa wophika wa pa lojipo, koma chingwe anachigwira.

Onsewa palibe anapempha. Ankangokumbutsa. Ndipo palibe anatchula kuchuluka kwake, zimene zimawononga kuposa, chifukwa umangoonjezera mpaka nkhope yawo itamasuka. Pofika pakati pa Febuluwale magawo awiri a dzino anali atapita, la zadzidzidzi litapita, ndipo sopo ndinkatenga pa ngongole kwa bambo wa golosale wochokera ku Nkhotakota, amene ankandipatsa akuyang'ana windolo mwachisoni.

Kumapeto kwa Febuluwale ndinayesa nzeru za mtauni. Salale inkabwera pa foni, ndiye ndinaisiya momwemo nkunena kuti netiweki ikuvuta.

“Ikuvuta?” anatero asibweni, akutenga chipewa. “Tiye kwa ajenti tikaimve limodzi.”

Netiweki inalipo yambiri. Ajenti anachita kuwerenga mokweza. Mwezi umenewo gawo limodzi lokha ndi limene linapulumuka, ndipo sikuti ndi nzeru zanga: ankhazi anali ku Limphasa kokathandiza mwana wawo wamkazi kuwokera mpunga. Gawolo ndinalisiya mu foni nkuyesetsa kuliiwala.

Masamu ake anali osavuta. Patsala malipiro atatu, a Malichi, Epulo ndi Meyi, ndipo pakufunika magawo asanu ndi anayi. Atatu mwezi uliwonse, kwa munthu amene walephera kusunga awiri. Ndinayamba kuyang'ana mabulangete a ku sitolo ngati abale anga a mtsogolo.

Kukaniza asibweni kunali kosatheka. Munthu amene anakulipirira fizi chaka chimene ada anadwala sumuuza kuti bajeti sikulola. Akufunsa kuti bajetiyo ndi mwana wa ndani.

Mmawa wina wa mu Malichi, tsiku langa lopuma, ndinatsikira kugombe kukafuna ndiwo. Khoka linali litangotuluka. Mwini wake anali mnyamata wa msinkhu wanga, koma ogawa anali asibweni, atakhala pa bwato lovundikira, ndodo ili m'manja. Eni makoka ankawakonda pa ntchito imeneyi chifukwa palibe ankatsutsana nawo. Anayamba ndi kuloza mulu waukulu kuti auike pambali. Mayi wina anadandaula kuti wachuluka.

“Ukonde umadya poyamba,” anatero asibweni. “Wang'ambika pawiri uwu. Ukapanda kusokedwa mawa tonse tidya mchenga.”

Kenako kunabwera bambo wina ndi kambale, manja ake ouma gwa.

“Iwe wakoka?”

“Dzulo ndinakoka nawo, ada.”

“Za dzulo unadya dzulo. Wotsatira!”

Anthu anaseka, bamboyo naye anaseka nkuchokapo. Ine sindinaseke, pa chifukwa chodziwika kale. Koma ku nyuzipepala anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sichinandinamizepo: munthu wamkulu sutsutsana naye, umangomuika pamalo poti anene yekha mawu ake anthu akumva.

Salale ya Malichi itagwa ndinapita kwa ajenti nkuitapa yonse, pamodzi ndi gawo la Febuluwale lija, ndipo ndinapempha kuti andipatse zing'onozing'ono. Anang'ung'udza kuti ndikumuthera tchenji. Masana ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, nkuika ndalamazo milu khumi yofanana, uliwonse ndi mwala pamwamba kuopa mphepo. La Febuluwale linali m'thumba. Ndinatumiza mawu kwa asibweni, ankhazi ndi msuweni kuti abwere nthawi imodzi. Sanachedwe. Ankhazi anafika ndi Baibulo, msuweni ndi njinga yake yakapalasa. Ama anakhala chapatali akusenda chinangwa choti akaviike, osatukula mutu.

“Asibweni,” ndinatero nditagwada bwinobwino, “khoka latuluka, ndi ili. Ine kugawa sinditha, miyezi iwiri ndalephera. Pagombe ponse palibe wodziwa kugawa ngati inu. Gawani ndinu.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana milu ija, nkuyang'ananso anthu awiri a nyumba yoyandikana nafe amene anali ataima pa mpanda. Ndikukhulupirira kuti msamphawo anauona. Koma munthu amene wagawa nsomba zaka zonsezo sangakane ndodo pamaso pa anthu. Anakonza chipewa.

“Bwato limadya zingati?”

“Minibasi ndi kabaza, milu iwiri.”

Ndodo inakankha milu iwiri. “Pakhomo?”

“Itatu,” anayankha ama, mpeni usanaime.

Itatu inapita. Asibweni ndi mkulu wa mpingo, choncho mulu wa tchalitchi anaukankha asanafunsidwe, nkuyang'ana ku mpanda kuti aone ngati zaoneka. Panatsala inayi.

“Pali pong'ambika?” anafunsa, mawu atatsika, ngati munthu amene yankho akulidziwa ndipo sakulifuna.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinawauza za Juni, za desiki, za mabulangete, ndi kuti ku sitolo milu imeneyi idzachepa yonse.

“Zingati?”

“Itatu, miyezi itatu.”

Anapuma mozama. Ndodo inayenda pang'onopang'ono ngati ikupita ku maliro, koma inakankha itatu. “Ukonde umadya poyamba,” anatero.

Ankhazi anatsokomola. “Nanga ife amene tinagwada pansi?”

“Munagwada liti?”

“Mu Disembala.”

“Za Disembala munadya mu Januwale.”

“Mwanayu ndi wathu! Tinapereka malowolo ife!”

“Munalowola mlongo wanga, salale simunalowole. Inali isanabadwe.”

“Mulungu akukuonani, ada.”

“Akundiona, nchifukwa chake mulu wake uwo sindinaukhudze.”

Msuweni anayamba kunena za wophika uja, koma asibweni anangomuloza ndi ndodo, za wophikayo nkuthera pomwepo. Ku mpanda kunali kuseka. Ine mtima unali mmalo. Panatsala mulu umodzi, ndipo ndinkaona kuti nkhani yatha bwino, mutu wake ndaulemba kale.

Asibweni anachotsa mwala pa mulu womalizawo nkuugawa patatu. “Iyi ya foni. Botolo lafa, mowa ungamatulukire pa windo. Iyi ya maliro ndi aliyense amene agwire chingwe mwezi uno, osati chaka chatha. Iyi ya jekete.”

Mpeni wa ama unaima. “Achimwene, jekete si ya Disembala?”

“Jekete si chingwe, mlongo wanga. Jekete ndi bwato. Ndi imene inamufikitsa pa nsomba. Mwini bwato amalandira ulendo uliwonse.”

“Mwagawa kale za bwato, minibasi ija.”

“Khoka lalikulu limayenda ndi mabwato awiri.”

Ndinawerengera mwachangu mumtima: gawo la jekete linali laling'ono kwambiri poyerekeza ndi zimene ndinkawapatsa poyamba. Ndinathokoza kuti yewu, nkuwomba m'manja.

Koma anali asanamalize. Anatola milu itatu ya dzino ija, nkutambasula dzanja. “Bweretsa ndi ya Febuluwale ili m'thumbayo. Wakhala ukuigwiragwira chifikire.” Zonse anaika m'thumba lam'kati la jekete ija, imene anali atavala, nkutseka ndi pini. “Za ukonde sasunga wokoka.”

Anapita nazo. Ndinaima pakhomo ndikuyang'ana dzino langa likukhota pa ngodya ya munda wa chinangwa.

“Usade nkhawa,” anatero ama. “Asibweni ako ndalama ya munthu amadya, sindikana. Koma ya ukonde sanadyepo.”

Mu Epulo kunagwa maliro kuchimuna, mkulu wina amene ankanditenga ngati mwana wake. Panafunika zambiri kuposa kachigawo ka maliro kaja: bokosi, galimoto, chakudya cha anthu. Ankhazi anangondiyang'ana pa siwa. Ndinapita ndekha kwa asibweni kukapempha mulu umodzi wa dzino, ndikulonjeza kudzabweza.

“Udzabweza kuchokera pati?”

“Ndidzaona.”

“Amene amati ndidzaona onse ali ku sitolo. Malemuyo ndinkamudziwa usanabadwe, ndapereka kale zanga. Koma sindinaonepo munthu akugulitsa ukonde kuti agule bokosi. Pini iyi sitseguka.”

“Ndalamazo ndi zanga, asibweni.”

“Unati ndigawe ndani?”

Ndinachotsa mulu umodzi pa ya ulendo nkukapereka ku maliro. Theka la mwezi umenewo ndinkapita ku Kande pa njinga ya msuweni, mvula ya Epulo ikundimenya kumaso, buleki yakumbuyo kulibe, mbuzi iliyonse ndikuipatsa ulemu wake. Pa mphasa yotsatira msuweni anafika ali ndi mlandu womveka, ndipo asibweni anamupatsa kachigawo ka a chingwe osakangana naye. Ankhazi nawo anatulukira nzeru. Anayamba kubwera pakati pa mwezi kudzachita pemphero pakhomo, mokweza, kuti mboni zimve tsiku lake. Asibweni anagamula kuti pemphero la mwezi uno ndi chingwe cha mwezi uno, koma kachigawoko sikakula, agawane ndi mwana wawo. Kuyambira pamenepo mayi ndi mwana ndi amene ankalonderana, ine ndinapuma.

Kumapeto kwa Meyi pini inatsekera mulu wachikhumi. Mwera unali utayamba kale kugwedeza nyanja, ndipo bwana ankandiyang'ana pakamwa mmawa uliwonse ngati munthu woyembekeza kalata.

Ku Mzuzu asibweni anati sangatume jekete yokha. Ya minibasi yawo mu bajeti munalibe. Tinakangana kuyambira pa siteji ya Chintheche, ndipo anavomera kulipira kuchokera mu gawo la jekete titayamba kale kukwera mapiri, atawona kuti kondakitala akumvetsera. Kwa dokotala anamasula pini, nkuyala ndalama zija pa tebulo milumilu monga anazilandirira. Mlembi wa pamenepo anafuna kuziphatikiza, iwo anamuletsa.

“Limodzi lokha mtengo wonsewu?” asibweni anafunsa dokotala. “Ku Joni anzanga ankaika lagolide.”

“Lagolide ndi mtengo wina, bambo.”

“Ayi, ikani loyera lomwelo. Koma likhale lolimba, lili ndi eni ake ambiri.”

Ulendo wachiwiri analiika. Linali loyera pang'ono kuposa anzake, ngati mlendo wobwera ndi suti pa bwalo la mpira, ndipo masiku oyamba ndinkati ndikanena “s” limaimba likhweru. Lolemba mmawa ndinalowa pa loji nkupereka moni manja ali m'mbali. Bwana anasuzumira, nkundiuza kuti ndinene “takulandirani”. Ndinanena.

“Desiki,” anatero, nkupitiriza ulendo wake.

Kalendala ija ndinaitaya. Bajeti yanga mpaka lero ndi mphasa, miyala khumi ndi ndodo, ndipo ili ndi mizere iwiri imene sindinaimvepo pa msonkhano uliwonse wa ovala mataye: wa a chingwe ndi wa jekete. Ndinkaganiza kuti dzino likalowa milu itatu ija ibwerera kwa ine, botolo la Loweruka liuke kwa akufa. Kumapeto kwa Juni asibweni anafika nthawi yake, nkuima pabwalo akuyang'ana denga la ama pamene udzu unali utalowa pansi.

“Apa pang'ambikanso,” anatero. “Yala mphasa.”

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, anandikoka dzanja nkundiimika pakati pa akulu a mpingo anzawo, jekete ili pathupi, pini ikuonekera.

“A Nyuzi, tasekani. Anthu aone dzino lathu.”

Ndinaseka.